Kodi Trinity itenganso? Mmene ligi ya NESCAC ikuonekera pamene basketball ili pa tchuthi cha 2025

Funso: "Mwana wa achemwali anga wapeza malo pa koleji ina yaing'ono ku America imene ili mu ligi ya NESCAC, ndipo kochi wa basketball kumeneko wamuuza kuti akafika mu Seputembala akalowa mu timu. Ine basketball ndimaikonda koma ndimangodziwa za NBA basi. Ndamva zoti Trinity ndi imene inatenga chikho mu Malichi 2025. Panopa masewero anaima, ndiye munthu angadziwe bwanji timu imene izavute sizoni ikubwerayi ya 2025-26? Nanga mphwangayu angayembekezere kusewera chaka choyamba chomwechi?"

Yankho:

Achimwene, poyamba mumuuze mphwanuyo kuti wagwira ntchito, chifukwa kulowa pa makoleji amenewa si zocheza ayi, amasefa kwambiri ndipo olo ukhale wamtali bwanji ngati magiredi sakukwana kochi sangakulowetse. Tsopano ku funso lanu, ndiyambe ndi kuyankha mosazungulira. Mmene zikuonekera pa tchuthi cha 2025 chino Trinity ndi imene ili patsogolo, Tufts ikutsatira pafupi, ndipo Wesleyan imene inavuta kwambiri sizoni yathayi ndi imene ndikuikayikira. Koma chifukwa chimene ndaiyikira Trinity pamwamba si chikho chija ayi. Chikho chinapita, chili mu kabati. Chifukwa chake ndi choti anyamata amene anachitenga ambiri mwa iwo akubwereranso, ndipo pa mpira wa makoleji ang'onoang'ono nkhani yonse ya nthawi ya tchuthi imagona pamenepo: ndani wamaliza sukulu, ndani watsala.

Kuti mumvetse bwino muyambe mwaiwala kaye za NBA zija. NESCAC ndi ligi ya makoleji a kumpoto chakum'mawa kwa America ndipo ili pansi pa NCAA, bungwe loyendetsa masewero a makoleji, mu gawo lachitatu limene amalitcha Division III, ndipo kumeneko kuli matimu a anyamata oposa 400 koma palibe ndi mmodzi yemwe amene amalandira sikolashipu chifukwa cha mpira. Lamulo limakana. Thandizo la fizi limene mwana amapeza pa makoleji a NESCAC limatengera kwambiri mmene thumba la makolo ake lilili, osati mapointi amene amagoletsa. Ndiye apa palibe zoti timu yagula wosewera wakuti, palibe draft ija yosankhira osewera atsopano ku NBA, palibe zosinthana osewera pakati pa sizoni. Kochi amapeza anyamata angapo chaka chilichonse, amene ofesi yolemba ophunzira yawavomereza, nkukhala nawo zaka zinayi kenako nkutsanzikana. Ndipo ku Division III kulibe zija zoti mwana azichita nawo ma training chaka chonse koma chakacho chisawerengedwe ngati mmene amachitira makoleji akuluakulu, ukapitiriza kukonzekera ndi timu sizoni itayamba ndiye kuti chaka chako chimodzi chapita. Choncho timu imakula ngati gulu limodzi, imafika pachimake anyamata ake abwino akakhala mu chaka chachitatu ndi chachinayi, kenako imagwa nkuyambiranso.

Njira imene ine ndimagwiritsa ntchito ndi yosavuta ndipo inunso mutha kuichita pa foni pompo. Gemu ya ku koleji imakhala ya mphindi 40, zigawo ziwiri za mphindi 20, ndipo mkati mumakhala anthu asanu, ndiye kuti timu iliyonse imagawa mphindi 200 pa gemu. Tsegulani tsamba la timu pa intaneti pamene pali ziwerengero za sizoni yatha, muone mphindi zimene aliyense ankasewera, ndiye muchotse onse amene anali mu chaka chomaliza. Zotsalazo ndiye chuma chenicheni cha timuyo. Ngati mphindi zimene zatsala sizikufika olo theka, ine timu imeneyo sindiiyika pamwamba olo itakhala ndi dzina lalikulu chotani. Anthu ambiri amathamangira kuona mapointi, koma mphindi zimanena zoona kuposa mapointi chifukwa zimakuuzani amene kochi ankamukhulupirira, pali anyamata ena amagoletsa mapointi 5 okha pa gemu koma satuluka mu bwalo chifukwa ndi amene amagwira munthu woopsa wa timu inayo. Wotereyu akachoka sizimveka pa nyuzi koma timu imayamba kudontha.

Komanso si mphindi zonse zimene zimafanana kulemera kwake. Kutaya wamtali wa pansi pa ring kumapweteka, zoona, koma kutaya point guard amene wakhala akuyendetsa mpira zaka zitatu kumapweteka kawiri. Pa mpira wa msinkhu umenewu anthu aatali kwambiri amene alinso ndi luso ndi ochepa, ambiri amatengedwa ndi makoleji a masikolashipu, ndiye magemu ambiri amathera m'manja mwa ma guard, amene amadziwa nthawi yothamanga ndi nthawi yodekha, amene sataya mpira akapanikizidwa kwa eni ake anthu akukuwa. Zimenezi mwana wa chaka choyamba sabwera nazo kuchokera ku sekondale. Langizo lina, mukamaona ziwerengerozo sankhani za magemu a mu ligi okhaokha. Za sizoni yonse zimanamiza chifukwa mumakhala magemu ena a mu Novembala amene timu inakwapula anzawo ofooka ndi mapointi 30, wina nkudzikundikira mapointi amene mu Januwale sangawaone.

Tsopano tiyike Trinity pa sikelo imeneyi. Koleji iyi ili mu mzinda wa Hartford ku Connecticut ndipo kochi wake ndi James Cosgrove, munthu amene mpira wake umayambira ku difensi, kupanikiza, kulimbirana ma rebound, osakupatsa mpata wopuma. Mu 2024 anatenga chikho cha NESCAC nkufika mu ndime ya matimu anayi ya dziko lonse, komwe anagonja kwa Trine ya ku Indiana imene inadzatenga chikho chaka chimenecho. Ena ankaganiza kuti pathera pomwepo popeza wogoletsa wawo Ben Callahan-Gold anali atamaliza, koma amene anawerenga bwino anaona kuti pansi pake panali gulu la anyamata a chaka chachiwiri amene anali atalawa kale magemu akuluakulu. Mu 2025 anatenganso NESCAC, nkukagonjetsa New York University (NYU) 64-60 mu fainolo ya dziko lonse ku Fort Wayne, Henry Vetter atamwetsa basiketi ya mapointi atatu kutatsala masekondi ochepa, ndipo chimenechi chinali chikho choyamba cha dziko lonse cha basketball ya anyamata pa kolejiyi. Chimene chikundipangitsa kuwaopa ndi choti Vetter yemweyo, Jarrel Okorougo ndi Drew Lazarre onse anali mu chaka chachitatu. Ndiye kuti akubwera ngati akuluakulu a timu, atasewera limodzi zaka zitatu, pansi pa kochi yemweyo. Ndipo timu ya difensi sidalira kuti tsikulo dzanja latentha kapena ayi, mpira ukamakana kulowa imapambanabe magemu a 60-55 aja. Nchifukwa chake ndikuti ali patsogolo.

Wesleyan ndi nkhani yosiyana ndipo ine imandimvetsa chisoni pang'ono chifukwa inasewera mpira wokoma. Timu ya Joe Reilly ya ku Middletown, mtunda wosakwana ola kuchokera ku Hartford, inamaliza magemu ake onse 24 oyambirira, zikho zisanayambe, osagonja ndi kamodzi komwe, kuphatikizapo onse 10 a mu ligi, koma Trinity inakawalanda chikho cha ligi pakhomo pawo pomwe nkudzawatulutsanso mu semifainolo ya dziko lonse. Munthu wongoona tebulo la chaka chatha anganene kuti amenewa ndi achiwiri basi palibe zokambirana. Koma injini ya timu imeneyi anali ma guard awiri, Nicky Johnson ndi Shane Regan, ndipo onse anali mu chaka chomaliza. Apa ndiye pamene njira ya mphindi ija imakuchenjezani. Sindikunena kuti agwa mpaka pansi, Reilly ndi kochi wodziwa ntchito amene anatengapo ligiyi mu 2015 ndi 2022, ndipo anyamata amene anali pa benchi ya timu yopambana chonchija amakhala ataphunzira zambiri. Koma kupeza munthu woti mpira ukhale m'manja mwake kutatsala mphindi ziwiri zimatenga nthawi, ndipo ndikuyembekezera kuti Novembala ndi Disembala adzakhala akufufuzabe.

Tufts ya ku Medford, kufupi ndi Boston, ndaiyika pachiwiri pa chifukwa chomwecho chimene ndaiyikira Trinity pachiyambi. Yakhala ikulowa mu mpikisano wa dziko lonse pansi pa Brandon Linton ndipo Scott Gyimesi, amene amatola ma rebound ngati palibenso wina mu bwalomo, akulowa chaka chomaliza limodzi ndi anzake amene wakula nawo. Williams ndi Amherst musamaziwerengere kunja chaka chilichonse, dzina lawo limakoka ana abwino. Amherst inatenga chikho cha dziko mu 2007 ndi 2013 pansi pa Dave Hixon, amene anaphunzitsa pamenepo zaka 42 nkupambana magemu 826, ndipo mu 2023 analowetsedwa mu Naismith Hall of Fame, mmene amalemekezera akatswiri a basketball. Koma kuchokera pamene mkuluyu anapuma mu 2020 timuyi yakhala ikumangidwanso, ndipo mbiri yakale sigoletsa basiketi. Hamilton, yokhayo imene ili ku New York, inatenga ligi mu 2023. Middlebury ya ku Vermont, Connecticut College ndi zitatu za ku Maine zija, Bates, Bowdoin ndi Colby, ndi zimene zimalimbirana malo apakati, ndipo chaka chilichonse imodzi mwa izo imadzidzimutsa anthu, kawirikawiri imene ili ndi anyamata ambiri a chaka chomaliza.

Koma achimwene, zonsezi ndikunena ndi pensulo osati bolopeni, ndipo ndikuuzeni nkhani imene aliyense wotsata ligiyi amaikumbukira. Mu Malichi 2014 Williams inafika mu fainolo ya dziko lonse nkugonja kwa Wisconsin-Whitewater 75-73 pa sekondi yomaliza. Mu timu imeneyo munali mnyamata wa chaka choyamba wochokera ku New Hampshire, woponya patali modabwitsa, dzina lake Duncan Robinson, yemwe uja munkamuona ku Miami Heat. Aliyense amene analemba za sizoni yotsatira mu Epulo ankaona Williams ikulamulira zaka zitatu zikubwerazo. Mu Juni kochi wawo Mike Maker anapeza ntchito ku Marist ya Division I, gawo la makoleji akuluakulu, ndipo pofika Ogasiti Robinson anali atasamukira ku Michigan kwa kochi John Beilein, amene Maker anagwirapo naye ntchito ku West Virginia. Onjezeranipo kuti wamtali wawo Michael Mayer anali atamaliza sukulu. M'miyezi itatu yokha timu imene inatsala pang'ono kutenga chikho inasanduka yapakati, sinalowe nkomwe mu mpikisano wa dziko chaka chotsatiracho, ndipo kochi watsopano Kevin App zinamutengera mpaka 2017 kuti aifikitsenso mu ndime ya matimu anayi. Ndiye chinthu choyamba kuchiyang'ana nthawi ya tchuthi ndi mpando wa kochi, ukagwedezeka zina zonse zimagwedezeka. Ndipo mndandanda weniweni wa osewera umatuluka pa masamba a makoleji sukulu zikatsegulira, cha mu Seputembala kapena Okutobala, pamenepo ndi pamene mumadziwa kuti wina wasiya mpira kuti alimbikire maphunziro, wina wavulala bondo, wina wasamuka. Ana amenewa salipidwa, ndiye kusiya kumachitika ndithu ndipo palibe amene amalengeza.

Palinso china chimene chasokoneza kuwerenga kwathu zaka zapitazi. Chifukwa cha Covid, NESCAC sinasewere sizoni ya 2020-21 ndipo NCAA inapatsa osewera chaka choonjezera. Koma makoleji ambiri a ligiyi ndi a digiri yoyamba yokha, ndiye mwana akamaliza analibe choti atsalire, ankakagwiritsa ntchito chaka chakecho kwina. Alex Sobel wa Middlebury anapita ku Sacred Heart, Callahan-Gold uja anapita ku Binghamton, onse ku Division I, pomwe mayunivesite akuluakulu ngati NYU amene ali ndi maphunziro a masters ankalandira osewera okhwima a zaka 23. Gulu limenelo tsopano latha kapena latsala pang'ono, ndipo ine ndikuona kuti izi zikomera NESCAC ikamakumana ndi matimu akunja.

Chimene chimapangitsa kuti ulosi wa ligi imeneyi uzivuta kwambiri ndi kaseweredwe kake. Matimu alipo 11 ndipo amakumana kamodzi kokha, magemu 10 basi, kuyambira kumayambiriro kwa Januwale mpaka pakati pa Febuluwale. Taganizani Super League yathu ija itakhala ya chigawo chimodzi chokha, amene wakupeza kwawo chaka chino ndi kwawo basi, zobwezera pakhomo panu mudikire chaka chamawa. Ndi mmene zilili kumeneko. Amherst, Williams ndi Wesleyan zimakumana kawiri chifukwa cha mpikisano wawo wakale wa Little Three, chimodzimodzinso zitatu za ku Maine, koma gemu imodzi yokha ndi imene imawerengedwa pa tebulo. Ndiye magemuwo nthawi zambiri amabwera awiriawiri, Lachisanu usiku ndi Loweruka masana, mukwere basi kupita ku Maine mu chisanu cha Januwale, musewere, mugone, mawa lake musewerenso pa koleji ina miyendo isanapume. Wosewera wanu wodalirika akangobinya bondo kapena kudwala chimfine sabata imodzi ndiye kuti magemu awiri mwa khumi apita, ndipo kusiyana kwa nambala 3 ndi nambala 8 pa tebulo nthawi zina kumakhala magemu awiri omwewo. Choncho ndondomeko ya magemu ikatuluka muone kuti timu ya mphwanuyo ikukumana ndi Trinity ndi Tufts pakhomo kapena koyenda, zimasintha zambiri. Kenako matimu 8 apamwamba amalowa mu chikho cha ligi cha wagonja watuluka, ndipo mmenemo chilichonse chimatheka, Wesleyan ya 2015 ija inachitenga itamaliza pa nambala 6. Kuchokera 2015 kufika 2025 makoleji 7 osiyana achitengapo: Wesleyan, Middlebury, Williams, Amherst, Tufts, Hamilton ndi Trinity. Ndi ligi zochepa kwambiri zimene chikho chimayenda chonchi.

Wotenga chikho cha ligi amalowa mwachindunji mu mpikisano wa dziko lonse wa matimu 64, koma ena amatha kulowanso pa malo otsala, ndipo kuyambira sizoni ya 2024-25 malo amenewa amaperekedwa potengera masamu otchedwa NPI, amene amawerengera kuti wapambana magemu angati, wagonjetsa matimu amphamvu bwanji ndiponso kuti unali pakhomo kapena koyenda. Kale inali komiti yokhala pansi nkukambirana. Tanthauzo lake kwa inu ndi loti magemu a Novembala ndi Disembala, amene si a mu ligi, si oyeserera ayi, timu imene ikumangidwanso ngati Wesleyan ikataya atatu kapena anayi nthawi imeneyo imadzawalira mu Malichi.

Tibwere kwa mphwanu tsopano. Ndisakunamizeni, ana ambiri a chaka choyamba amayambira pa benchi, ndipo pa timu imene yabweza anthu ake ambiri akhoza kumaliza sizoni akulowa mphindi zochepa gemu itatha kale. Si kuti kochi wamuda ayi. A Robinson ndi osowa. Chimene mungachite ndi kutenga njira ya mphindi ija nkuiyika pa malo ake enieni: ngati ndi guard, ndi ma guard angati amene amaliza, ndipo atsala angati patsogolo pake? Ngati awiri achoka pamenepo khomo ndi lotsegula. Ngati onse alipo, chaka chino ndi chophunzira ndipo asakhumudwe. Ndipo mwana watsopano chimene chimamulowetsa mu bwalo msanga si kugoletsa, ogoletsa alipo kale, koma kugwira munthu, kudziwa poima anzake akasinthana, kusataya mpira, ndi kumwetsa akasiyidwa yekha pa kona.

Miyezi ino ya Juni mpaka Ogasiti ndi yake yekha, chifukwa malamulo a Division III amachepetsa kwambiri masiku amene kochi angaphunzitse osewera kunja kwa sizoni, ndipo NESCAC imakhwimitsa kuposa anzawo, kwa zaka zambiri matimu ake ankayamba kukonzekera pa 1 Novembala pomwe ena anayamba kale pa 15 Okutobala. Anzake a mu timu panopa ambiri ali pa ma internship ku Boston ndi ku New York, amasewera madzulo akaweruka. Ndiye palibe amene adzamuyimirire kumbuyo. Apemphe kwa kochi wa zolimbitsa thupi pulogalamu ya ku jimu ndipo aitsate, chifukwa chimene chimadabwitsa ana ambiri si liwiro koma mphamvu, kukankhana ndi munthu wa zaka 22 amene wanyamula zitsulo zaka zinayi. Akafika alowe nawo magemu amene osewera amakonza okha popanda kochi, akuluakulu a timu amaona mmenemo kuti uyu ndi wotani ndipo mawu awo amafika. Maphunziro asawatayirire ngakhale pang'ono, pa makoleji amenewa kalasi ndi imene imayamba ndipo magiredi akatsika mpira umaima.

Za kuonera, magemu ambiri amaonetsedwa pa intaneti kudzera pa tsamba la zamasewero la koleji imene ili pakhomo, ndipo tsamba la D3hoops limatulutsa mndandanda wa matimu 25 apamwamba sizoni isanayambe komanso zotsatira tsiku lililonse. Nthawi ya chisanu kumeneko ali m'mbuyo ndi maola 7 poyerekeza ndi kuno, ndiye gemu ya Lachisanu 7 koloko madzulo imakupezani 2 koloko usiku, koma ya Loweruka imene nthawi zambiri imayamba 3 koloko masana ndi 10 koloko usiku kwathu kuno, imeneyo ndiye yoti muzigulira bandulo.